Fundi wa Karata ndi Khadi la Mwini Mwera

Amene tazungulira bokosi lawo lero ndi bambo Efraimu Kalonje, amene ambiri kuno ku Mbamba Bay mumangowadziwa kuti Fundi wa Karata, ndiye kuti mmisiri wa makhadi. Adabadwa m'chaka cha 1927 ku Nkhotakota, kutsidya kwa nyanjayi, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali osema mabwato, ndipo mayi awo, mayi Edina, anali olimbikira mu mpingo wa Anglican, umene malemu adabatizidwiramo akali khanda. Mbiriyi tiwerenga m'Chichewa chifukwa eni ake adatero akali moyo, kuti chilankhulo chimene adaliramo pobadwa ndicho chiwaperekeze kumanda. Ife tikamaliza, bambo Evarist aibwereza m'Chiswahili kuti pasakhale wobwerera kwawo osamva.

Sukulu adayambira pa mishoni kwawo komweko, kenaka adapita ku Likoma kukaphunzira ukalipentala. Tisaname pamaso pa maliro: m'kalasi sanali oyamba. Sileti lawo linkadzaza nkhope za anthu pamene a anzawo ankadzaza masamu. Ankakonda kusimba okha kuti tsiku lina adajambula mphunzitsi wawo, makutu ndi mphuno zomwe, moti kalasi yonse idamuzindikira nkugwa ndi phwete. Adakwapulidwa bwino lomwe. Koma poweruka mphunzitsi yemweyo adawaitanira kuseri kwa kalasi nkuwapatsa pepala loyera, ati amujambulenso, koma makutuwo awachepetseko pang'ono. Malemu ankati malipiro awo oyamba pa ntchito yojambula anali mikwingwirima ya kumsana.

M'chaka cha 1946 adalembedwa ntchito pa sitima ina ya panyanja pano, yopala dzimbiri ndi kupaka penti. M'sitimamo munali wophika wina wa Chigowa, mtundu wina wa amwenye, amene anali ndi kamtolo ka makhadi achilendo, osati a juga amene timawadziwa aja. Khadi lililonse linali ndi chithunzi chakechake: pena dzuwa la nkhope ya munthu, pena mafupa okhaokha atanyamula chikwakwa, pena munthu wopachikidwa chadodolido. Wophikayo ankawayala pathebulo nkumauza amalinyero zimene zidzawagwere. Zoombezazo malemu sadazilabadire. Chimene chidawagwira mtima ndi zithunzizo, ndipo chimene chidawanyansa nchakuti pa makhadi onsewo panalibe nkhope ndi imodzi yomwe yofanana ndi za kwathu kuno. Nkhani imeneyi adaisunga mumtima zaka zonse zimene adayenda ndi sitimayo.

Adatsika kuno ku Mbamba Bay m'chaka cha 1953, ati kudzangopaka penti sitolo ya munthu wina nkubwerera. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sadakamuke, chifukwa Lamulungu lina m'tchalitchi ku Liuli adaona mayi Dafrosa akuimba kwaya. Ukwati wawo udadalitsidwa komweko m'chaka cha 1955, mkwati Chiswahili chothyokathyoka, mkwatibwi Chichewa osadziwa ndi liwu limodzi lomwe, koma adamvana. Mulungu adawapatsa ana anayi: Silvanus, Paskalia, Sesilia ndi Kasmir. Adamanga m'kamudzi ka asodzi kumpoto kwa doko, pansi pa mitengo ya mango, ndipo khomo lawo lidasanduka pofikira aliyense wochokera ku Malawi amene analibe pogona. Ntchito yawo inali kulemba maina pa mabwato ndi kupenta zikwangwani za masitolo. Pa Uhuru, pamene dziko lino lidalandira ufulu m'chaka cha 1961, adapenta mbendera pa makoma ambiri kugombe kuno, moti ankaseka kuti adamaliza chikondwerero chonse zala zili zobiriwira.

Nonse mukudziwa kuti mwera ukawomba, bwato silikhudza madzi. Masiku otero amuna ankangokhala pansi pa mango kusoka maukonde, ena nkuthera ku mowa. Apa mpamene malemu adayambitsa masewero amene tinkawatcha Ulendo. Munthu mmodzi ankakhala mwini ulendo, wosimba nkhani, ndipo ena onse anali apaulendo opita kudziko limene palibe adalipondapo, la zilumba zoyenda ndi mbalame zoweruza milandu. Mwini ulendo ankavundukula khadi la njira, kaya Ng'ona, kaya Njala, kaya Mlatho Wothyoka, kaya Mlendo, ndipo aliyense ankanena chimene achite kuti apulumuke. Pakabuka mkangano ankaponya timiyala ta bawo kuti tigamule. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, ankatha kukangana mpaka thukuta pa nkhani ya ng'ona ya pakatoni. Makhadiwo, amene anthu kuno amati karata, malemu ankawadula ku makatoni a tiyi ndi a sopo, nkuwajambula ndi penti wotsala ku mabwato, burashi yake ya ubweya wa kumchira kwa mbuzi.

Koma chimene chidatchukitsa dzina lawo ndi khadi la munthu. Aliyense wolowa m'masewerowo ankayenera kukhala ndi khadi lakelake, la nkhope yakeyake, ndipo ankasankha yekha chimene akufuna kukhala kudziko lija. Malemu ankati munthu akakuuza chimene akufuna kukhala pakhadi, wakuuza pamene pamamupweteka. Malemu bambo Anselm, amene mwendo wawo udapuwala akali mwana, adajambulidwa ali wamthenga wa mafumu, akusiya mbawala m'mbuyo. Mayi Gaudensia a maandazi, amene ali nafe pano, adakhala mfumukazi ya ng'ona, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale amuna awo ankayamba aodira asanalowe m'nyumba. Bambo Severin, akatekisiti athu, amene sakwera bwato ngakhale madzi ali phee, adapempha kuti awakweze pamsana pa kampango wamkulu ngati nyumba. Mbiri idawanda, ndipo anthu ankachokera ku Kihagara ndi ku Mpepo, nkhuku ili m'khwapa, kudzajambulitsa.

Mu mpingo anali okhulupirika. Adatumikira zaka zambiri monga mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo adapenta guwa ndi mtanda wa m'tchalitchi chathu osalandirapo kanthu. Panali nthawi imene mphekesera idamveka kuti makhadi awo ndi ula, chifukwa anthu ena ankabwera chamseri kudzapempha kuti awayalire, adziwe zimene zikudza. Malemu ankawabweza onse ndi mawu amodzi: "Ine ndimajambula chimene munthu akulakalaka. Za mawa mwini wake ndi Mulungu." Bambo wansembe wa nthawi imeneyo adabwera kudzadzionera okha. Adakhala pansi pa mango mpaka masewero kutha, ndipo pochoka adafunsa tsiku loti nawonso adzabwere kudzajambulitsa.

Pa ntchito yawo anali ndi lamulo limodzi losasweka. Sankajambula nkhope ya munthu kuchokera m'mutu. Wofuna khadi ankayenera kukhala pampando patsogolo pawo, m'mawa dzuwa lisanakwere, nkuwayang'ana osagwedezeka. Ankati, "Nkhope ya munthu siibedwa, imapemphedwa." Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo iwo kudekhako anali nako. Ankatha kukuyang'ana mpaka khosi kuuma asanakhudze ndi burashi yomwe, ndipo ambiri muli panonu mukukumbukira mpando umenewo.

Apa mutilole tinene za Sesilia, mwana wawo wachitatu, amene adabadwa m'chaka cha 1965, chifukwa mbiri ya bambowa siingamveke popanda iye. Anali mwana wochangamuka, wapakamwa. Masewero akayamba ankakhala kumbuyo kwa bambo ake nkumanong'oneza apaulendo njira zothawira ng'ona. Iyenso ankafuna khadi lake, ndipo anali atasankha kale. Ankafuna kukhala Mwini Mwera, atanyamula chipanda chosungiramo mphepo, chotseka ndi chitsononkho, kuti akafuna azingotsekula, nyanja ikalipe, amuna onse akhale kumtunda, masewero achitike. M'mawa ankafika ndi kampando kake, atasamba kumaso ndi kudzola mafuta, nkuti, "Baba, lero ndi ine?" Koma nthawi zonse ankapeza pali kale mlendo wochokera kutali amene ayenera kubwerera tsiku lomwelo, ndipo yankho linali lomwelomwelo: "Mawa, amayi. Inu ndinu a pakhomo, simuthawa." Mwanayo sankalira. Ankangotembenuka nkukoka kampando kake, ulendo kunyanja. Woumba mbiya amaphikira m'phale, ndipo zidaterodi pakhomo paja: mudzi wonse unali ndi nkhope pa makhadi, mwana wa m'nyumba analibe.

M'chaka cha 1974 lidafika lamulo lakuti timidzi tonse tobalalika tisamukire ku midzi ikuluikulu ya ujamaa, yokhala ndi kulima pamodzi. Kamudzi kathu kadagawika, ena kudza kuno, ena kumtunda cha ku Kihagara, kumene banja la malemu lidapatsidwa malo. Miyezi imeneyo malemu sadapume. Kijiji chatsopano, mudzi wa ujamaa uja, chinkafuna zikwangwani, cha ofesi, cha sukulu, cha duka la ushirika, sitolo ya mudzi wonse, cha munda wa onse, ndipo fundi anali mmodzi yekha. Sesilia adafunsanso pa tsiku losamuka lomwe, katundu ali pamutu, ndipo adauzidwa kuti akangokhazikika kumalo atsopanowo, woyamba kukhala pampando adzakhala iye. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Mvula idapeza anthu ambiri akali m'misasa ya udzu, ndipo chikuku chidalowa mwa ana. Sesilia adadwala masiku ochepa chabe. Adamunyamula pa machira kupita naye ku chipatala ku Liuli, bambo ake atagwira kutsogolo, ndipo adatsirizikira panjira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masiku amenewo wojambula ndi kamera sankapezeka wamba kugombe kuno, ndipo mwanayo analibe chithunzi ndi chimodzi chomwe.

Maliro atatha, mayi Dafrosa adapempha chinthu chimodzi chokha kwa amuna awo. Adati, "Bambo a Silvanus, mwajambula ana a eni mudzi wonse. Ndibwezereni nkhope ya mwana wanga ndisanaiiwale." Malemu adadula khadi labwino koposa onse. Adajambula nyanja itakalipa, mabwato atakokeredwa kumtunda, chipanda ndi chitsononkho chake, ndi diresi la madontho limene mwanayo ankavala Lamulungu. Pofika pa nkhope, dzanja lidakana. Munthu amene adayang'anitsitsa nkhope za mudzi wonse adapeza kuti ya mwana wake sadaiyang'anitsitsepo. Ankadziwa kuti anali wa maso aakulu, wa mpata pakati pa mano, koma akatseka maso kuti amuone, nkhopeyo inkangoti mbuu ngati chithunzithunzi cha m'madzi ovunduka.

Sadagonje msanga. Adakhazika Paskalia pampando, poti ndi wa bere limodzi, koma amene adatuluka pakhadi anali Paskalia yemweyo. Adayenda wapansi m'midzi monse mmene anansi akale adabalalikira, kufunsa aliyense chimene akukumbukira. Wina adati chipsera chinali pamwamba pa diso lamanzere, wina adalumbira kuti lamanja. Akabwerako ankadula khadi lina nkuyambanso, ndipo akamaliza ankapita nalo kwa akazi awo. Mayi Dafrosa ankaliyang'ana nthawi yaitali, nkulibweza ndi mawu ofatsa: "Mwana wokongola, koma si wanga." Sankanena mwankhanza ayi. Onse awiri ankaopa chinthu chimodzi, chakuti chaka chilichonse chinkafufuta pang'ono nkhope ija m'mitima mwawo, ndipo tsiku lina adzadzuka alibe choti nkukumbukira. Makhadi olephereka aja mayiwa sankawataya, ankawakulunga m'kanga, chitenje chawo, nkuwaika pansi pa sutikesi.

Kuyambira pamenepo malemu sadajambulenso nkhope ya munthu wina aliyense. Obwera ndi nkhuku ankabwerera nazo. Ulendo sudaseweredwenso, ngakhale pamene banja lidabwerera kuno kugombe patapita zaka. Mwera ukawomba, iwo ankalowa m'nyumba nkutseka chitseko. Adapitiriza kulemba zilembo pa mabwato ndi pa zikwangwani kuti ana adye ndi kupita kusukulu, ndipo onse atatu adawaphunzitsa. Ku ntchito za kijiji sankatsalira, kutchalitchi sankajomba, pamaliro a anzawo ndiwo ankalemba dzina pamtanda. Koma ife amene tidawadziwa kale tinkaona kuti munthu wanthabwala uja adatsala panjira ya ku Liuli. Zinkatiwawa kwambiri, ndipo tinalibe chowathandiza nacho.

Chaka chathachi adayamba kudandaula m'chifuwa, maso nawo nkuyamba kuchita ng'ala. Adagonekedwa kawiri ku chipatala ku Liuli, kumene adasamalidwa bwino, koma thupi linali litatopa. Mu Juni chaka chino adapempha kubwerera kunyumba. M'mawa wina, mwera ukuwomba, adauza Silvanus kuti awatulutse pakhonde, awapatse burashi ndi katoni. Silvanus adadandaula kuti adzivutitsa pachabe, popeza maso sakuonanso bwino. Iwo adayankha kuti, "Mwana wanga, zaka zonsezi ndakhala ndikuthamangitsa chimene sindidachione. Lero ndijambula chimene ndidachiona."

Adajambula pang'onopang'ono, masiku angapo, mphuno ili pafupi ndi khadi, akupumira chifuwa chikavuta. Nyanja inali yomweyo, mabwato omwewo, diresi lomwelo. Koma Mwini Mwera sadayang'ane kwa ife. Adamujambula chakumbuyo, akupita kunyanja: phewa lamanzere lotsika pang'ono, kakhosi kowonda, tsitsi loluka, mzere umodzi utamasuka kuseri kwa khutu monga unkachitira nthawi zonse, dzanja lina litafungatira chipanda, linalo likukoka kampando pamchenga. Umu ndi mmene ankamuonera m'mawa uliwonse atamuuza kuti mawa. Msana umenewo ndiwo adauyang'ana mokwanira, maso akudutsa pamwamba pa mutu wa mlendo amene ankamujambula.

Atamaliza adaitana mayi Dafrosa, amene ankayanika chinangwa pabwalo. Mayiwa adapukuta manja pakanga nkulandira khadilo monga adalandirira ena onse aja, okonzeka kulibweza. Sadalibweze. Adakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndipo amene analipo adawamva akulankhula ndi katoni kaja ngati ndi munthu: "Sesilia, tatembenuka mwana wanga. Tatembenuka ndikuone." Adalira onse awiri, kulira kumene adakusunga zaka khumi. Tsiku lomwelo malemu adaitanitsa makhadi akale a masewero, natumiza mawu kwa bambo Severin, mayi Gaudensia ndi ena amene atsala. Adasewera Ulendo pakhonde paja, mphepo ikukupiza denga, iwo ali mwini ulendo atatsamira khoma, mawu akutuluka movutikira. Mwini Mwera adalowa m'masewero kwa nthawi yoyamba, mayi ake atamugwirira khadi.

Bambo Efraimu Kalonje adatisiya dzana m'mawa, Lachiwiri pa 14 Ogasiti 1984, kunyumba kwawo, atalandira Mgonero Woyera. Anali ndi zaka 57. Ena a pabanja adaganiza kuti khadi lija lilowe nawo m'bokosi, koma eni ake anali atakana kale. Adauza akazi awo kuti, "Mayi a Silvanus, ili ndi lanu, tsalani nalo. Ine kumene ndikupita sindikalisowa." Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene adawasamala, amayi a mpingo amene sadatope kutunga madzi ndi kutema nkhuni, ndi asodzi amene asiya maukonde awo kuti akumbe manda.

Malemu asiya akazi awo, mayi Dafrosa. Asiya ana atatu: Silvanus, Paskalia ndi Kasmir. Asiya zidzukulu zisanu. Asiya mlongo wawo mmodzi, mayi Ketrina, amene ali ku Nkhotakota ndipo uthenga sunawafike, ndi mphwawo, bambo Harrison, amene ali nafe pano. Asiyanso makhadi ambirimbiri m'nyumba za kugombe lino, m'mabaibulo ndi pansi pa masutikesi, pamene opunduka akuthamanga ndipo amantha akwera kampango. Mwana wawo Sesilia ndiye adatsogola.

Fundi, ntchito mwagwira, tulani burashi. Kumene mwapitako kulibe mlendo wodikira pampando, kulibenso zoti mawa. Mwana uja akamva mapazi anu atembenuka, ndipo mukamuyang'ane mpaka maso akhute.

Ambuye amene adawaumba awalandire. Apumule mu mtendere.